Nsapato za lasitiki

Nsapato za lasitiki ndi nsapato zimene mbali ina ya chikopa kapena nsalu yake yapamwamba imakhala yotamuka, kuti phazi lilowe mosavuta ndipo likalowa nsapatoyo iligwire popanda kumanga zingwe. Lasitikiyo amasokedwa m'mbali mwa akakolo, pamwamba pa phazi, kuseri kwa chidendene kapena kuzungulira kukamwa konse kwa nsapato. M'gulu limeneli muli jombo zotchedwa Chelsea, jombo zogwirira ntchito za ku Australia, nsapato zansalu zongolowetsa phazi, nsapato za ovina ballet, ndiponso nsapato zamasewera zolukidwa ngati sokosi. Nsapato zoterezi zinayamba kupangidwa ku England m'zaka za m'ma 1800.

Ntchito yaikulu ya lasitiki ndi kulola kuti kukamwa kwa nsapato kukule pa nthawi yovala kenako kubwerere mwakale. Iye sasintha kutalika kapena kutambalala kwa nsapato, choncho sangakonze nsapato imene ndi yaing'ono kapena yaikulu kwa mwini wake.

Vuto limene lasitiki amathetsa

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, ndipo kukula kwake kumasinthasintha. Munthu akaimirira, phazi limatalika ndi kutambalala pang'ono chifukwa cha kulemera kwa thupi. Limatupanso pang'ono likamafika madzulo, kukatentha, munthu akayenda mtunda wautali, kapena akakhala pansi nthawi yaitali monga pa ulendo wa basi. Chikopa chimatamuka pang'onopang'ono m'kupita kwa masabata, koma sichitha kutsatira kusintha kwa tsiku limodzi.

Palinso vuto lina limene limakhudza makamaka jombo. Kuti phazi lilowe, kukamwa kwa jombo kuyenera kudutsa pamalo onenepa kwambiri, amene amayezedwa pozunguliza tepi kuchokera kunsonga ya chidendene kudzera pamene phazi limakumana ndi mwendo. Koma jomboyo ikavalidwa, kukamwa komweko kumakhala pamwamba pa akakolo, pamene mwendo ndi woonda kwambiri. Motero khomo limodzi liyenera kukhala lalikulu povala ndiponso laling'ono poyenda. Likakhala lalikulu nthawi zonse, chidendene chimanyamuka pa sitepe iliyonse, khungu limakhulika ndi kutuluka matuza, ndipo zala zimapindika pofuna kugwira nsapato kuti isavuke. Likakhala laling'ono nthawi zonse, phazi silingalowe n'komwe.

Kwa zaka mazana ambiri osoka nsapato ankathetsa vutoli pong'amba chikopa n'kuikapo zingwe, mabatani kapena malamba. Njira zonsezi zimafuna kuti wovala awerame ndi kugwiritsa ntchito zala zake kawiri pa tsiku. Lasitiki amachita ntchito yomweyo payekha. Amatseguka phazi likamukankha, ndipo amatseka phazi likadutsa.

Mbiri

Labala wachilengedwe amachokera ku utomoni wa mitengo, makamaka mtengo wa Hevea brasiliensis umene kwawo ndi ku South America. Mu 1820 Thomas Hancock wa ku England analandira chiphaso cha umwini wa luso lake loika tizidutswa ta labala m'magolovesi, m'masokosi, m'malamba a thalauza ndi m'nsapato kuti zizigwira thupi. Koma labala wa nthawi imeneyo anali wosadalirika. Kukatentha ankafewa ndi kumata, ndipo kukazizira ankauma gwa. Zinthu zinasintha pamene Charles Goodyear wa ku United States anatulukira mu 1839 kuti labala akasakanizidwa ndi sulufule n'kutenthedwa amalimba, amatamukabe, ndipo sasintha kwambiri ndi nyengo. Goodyear analandira chiphaso chake mu 1844, ndipo chaka chomwecho Hancock analandiranso chake ku Britain pa njira yofanana.

Munthu amene amadziwika kuti ndiye anayambitsa jombo za lasitiki m'mbali ndi Joseph Sparkes Hall, wosoka nsapato wa ku London amene ankasokera Mfumukazi Victoria. Iye ankazigulitsa ndi dzina lakuti Patent Elastic Ankle Boots, ndipo pozitsatsa ankanena kuti mfumukaziyo imazivala. Mu 1846 analemba buku lofotokoza mbiri ya nsapato lotchedwa The Book of the Feet. Pa nthawiyo jombo za akazi zinkamangidwa ndi zingwe zodutsa m'timabowo tambiri, ndipo jombo yongolowetsa phazi inali chinthu chachilendo. Posakhalitsa amuna ndi akazi omwe anayamba kuzivala poyenda ndi pokwera mahatchi. Ku United States zinatchuka ndi dzina lakuti Congress gaiters. Kufunika kwa lasitiki kunakulitsa ntchito yowomba nsalu zotamuka, ndipo mzinda wa Leicester unakhala umodzi wa malo aakulu a ntchitoyi ku England. Jombozi zinakhalabe zofala mpaka cha pa nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene inayamba mu 1914.

Dzina lakuti Chelsea linabwera pambuyo pake. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 achinyamata okonda zovala amene ankasonkhana mumsewu wa King's Road, m'dera la Chelsea ku London, anayambanso kuvala jombo zimenezi, ndipo dzina la deralo linamatirira. Gulu loimba la The Beatles linkavala mtundu wina wa zidendene zazitali ndi wosongoka kutsogolo, umene linkagula kwa osoka nsapato a Anello & Davide, ndipo anthu anautcha Beatle boots.

Ku Australia jombo za lasitiki zinakhala nsapato za kumunda ndi kuntchito. Kampani ya Blundstone, imene inayamba mu 1870 ku Hobart pachilumba cha Tasmania, ndi ya R. M. Williams, imene inayamba mu 1932 ku South Australia, ndi zina mwa zodziwika kwambiri. Alimi ndi oweta ziweto ankazikonda chifukwa zilibe zingwe zoti zingakole udzu, minga kapena chopondera cha pahatchi, ndiponso munthu amazivula msanga pakhomo zikadzaza matope.

M'zaka za m'ma 1900 munabwera zipangizo zatsopano. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930 kampani ya United States Rubber inayamba kugulitsa ulusi wa Lastex, umene unali labala wowonda wokutidwa ndi thonje, silika kapena ulusi wina. Mu 1958 Joseph Shivers, katswiri wa kampani ya DuPont, anapanga ulusi wa spandex, umene umatchedwanso elastane ndipo unagulitsidwa ndi dzina la Lycra. Mu 1977 kampani ya Vans ya ku California inatulutsa nsapato yansalu yokhala ndi tilasitiki tiwiri m'mbali mwa lilime lake, imene inatchuka kwambiri itaoneka mufilimu ya Fast Times at Ridgemont High mu 1982. Mu 1991 Nike inatulutsa Air Huarache, yojambulidwa ndi Tinker Hatfield, imene m'kati mwake munali chovala chotamuka cha neoprene chogwira phazi ngati sokosi. Mu 2012 Nike ndi Adidas anatulutsa nsapato zolukidwa ndi makina, Flyknit ndi Primeknit, ndipo kuyambira pamenepo kutamuka kunayamba kulukidwira m'nsalu yeniyeni ya nsapato m'malo mosokerera chigamba.

Mmene lasitiki wa nsapato amapangidwira

Lasitiki wa nsapato, amene m'mafakitale amatchedwa gore kapena gusset, ndi nsalu yowombedwa ndi mitundu iwiri ya ulusi. Mtundu woyamba ndi timitsitsi ta labala kapena spandex, timene timatamuka. Mtundu wachiwiri ndi ulusi wamba wa thonje, polyester kapena nayiloni, umene umakuta timitsitsito. Powomba, timitsitsi totamuka timakhala titakokedwa, ndipo tikamasulidwa nsalu yonse imakhwinyata. Munthu akaikoka, imatamuka mpaka pamene ulusi wamba wawongoka, ndipo imalekera pomwepo. Motero ulusi wamba umagwira ntchito ziwiri: umateteza labala kuti asakhulike, ndiponso umaika malire kuti asakokedwe mpaka kuduka.

Pali njira zitatu zopangira lasitiki. Wowombedwa ndi wolimba ndipo sachepa m'lifupi akakokedwa, n'chifukwa chake ndiye amaikidwa m'jombo. Wolukidwa ngati juzi ndi wofewa ndipo amayenera nsapato zopepuka ndi za ana. Wopotedwa ngati chingwe amaonda akakokedwa, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa zingwe zotamuka ndi m'mphepete mwa nsapato za ovina.

Labala wachilengedwe amakoka mwamphamvu ndipo amabwerera bwino, koma amawonongeka ndi kutentha, dzuwa, mafuta ndi mpweya wa ozone. Spandex ndi wowonda ndi wopepuka, amatha kutamuka kuwirikiza kasanu kutalika kwake, ndipo amapirira thukuta ndi mafuta kuposa labala, ngakhale kuti mankhwala a klorini amamufooketsa. Neoprene, amene DuPont inapanga mu 1930, ndi labala wopangidwa m'fakitale amene amaikidwa ngati chinsalu chofewa chokutidwa mbali zonse. Iye amasunga kutentha, choncho m'madera otentha amachititsa phazi kutuluka thukuta kwambiri.

Lasitiki wowombedwa amatamukira mbali imodzi yokha, motsatira timitsitsi ta labala. M'jombo timitsitsito tiyenera kuyenda mozungulira mwendo, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Chigamba chikadulidwa mopingasa, jombo imatamuka chokwera ndi chotsika, kumene sikuthandiza phazi kulowa.

Kapangidwe

Wojambula nsapato amayamba ndi chikombole, chimene ndi chifanizo cha phazi chosemedwa pa mtengo kapena pulasitiki. Chikopa chimakungidwa pa chikombolecho, ndipo mpata wonse wa m'kati mwa nsapato umachokera pamenepo. Nsapato ya zingwe imakhululukira zolakwika zina za chikombole chifukwa wovala amatha kumanga mothina kapena mokhwefula. Nsapato ya lasitiki ilibe mwayi umenewo. Chifukwa cha ichi chikombole chake chimasemedwa mogwira bwino pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa chidendene, kuti chikopa chenichenicho chigwire phazi ndipo lasitiki angothandizira. Kutsogolo kumasiyidwa mpata woti zala zitambasuke.

Kenako wojambula amasankha malo a lasitiki. M'jombo ya Chelsea zigamba ziwiri zimaikidwa m'mbali, pamwamba pa mafupa a akakolo. Malowa ali ndi ubwino wina wakuti nsalu yofewa ndi imene imakhudza fupa lotumphuka, osati chikopa cholimba. M'nsapato zazifupi lasitiki amaikidwa mbali ziwiri za lilime, kapena chigamba chimodzi chimabisidwa pansi pa lilimelo kuti nsapato izioneka ngati yachikopa chokhachokha. M'nsapato zafulati za akazi amasokedwa kuzungulira kukamwa, ndipo m'masandasi kachidutswa kakang'ono kamaikidwa pa lamba wa kuchidendene, pafupi ndi chitsulo chomangira. Lasitiki saikidwa pamene nsapato imapindika poyenda, pafupi ndi mizu ya zala, chifukwa kupindika kosalekeza kumamuthetsa msanga.

Kukula kwa chigamba kumawerengedwa. Mwachitsanzo, ngati kukamwa kwa jombo kuli masentimita 26 kuzungulira ndipo phazi likufuna masentimita 33 kuti lidutse, zigamba ziwirizo ziyenera kupereka masentimita 7, kutanthauza 3.5 chilichonse. Chigamba cha masentimita 7 m'lifupi chidzatamuka ndi theka la kukula kwake, pamene cha masentimita 3.5 chidzafunika kuwirikiza kawiri pa kuvala kulikonse. Chachiwirichi chingagwire ntchito poyamba, koma chidzatopa msanga chifukwa nthawi zonse chimakokedwa kufika pafupi ndi malire ake. N'chifukwa chake zigamba za jombo zimakhala zotambalala kumwamba, kumene kumafunika kutseguka kwambiri, ndi zoonda kumunsi, mofanana ndi chilembo cha U kapena V. Kuzama kwa chigamba n'kofunikanso. Chikalekera m'mwamba, jombo imatseguka kukamwa kokha koma phazi limakakamira pakhosi pake.

Mphamvu ya lasitiki imasankhidwa molingana ndi kulemera kwa nsapato. Jombo ya soli yolemera ndi chitsulo kuzala imafuna lasitiki wolimba, apo ayi imalendewera phazi likanyamuka. Nsapato ya mwana kapena ya munthu wokalamba imafuna wofewa. Lasitiki wothina mopitirira amapweteka chifukwa pamwamba pa phazi pali mnofu wochepa, ndipo mitsempha ya magazi ndi minyewa imadutsa pafupi ndi khungu. Kupanikiza pamenepo kwa maola ambiri kumasiya mzere pakhungu ndipo kungachititse dzanzi kuzala. Chigamba chotambalala chimagawa mphamvu yake pamalo aakulu, pamene kalamba koonda kamalowa m'thupi.

Jombo zambiri zimakhala ndi kachingwe kokokera kumbuyo, ndipo zina kutsogolo komwe. Ntchito yake ndi kupatsa wovala pogwira kuti asakoke lasitikiyo ndi zala. Mbali yakutsogolo ya jombo ya Chelsea nthawi zambiri imakhala chikopa chimodzi chochokera kuzala kufika kumwendo. Popeza chikopa ndi chafulati, chimanyowetsedwa ndi kukungidwa pa thabwa kapena makina opindika chisanasokedwe, kuti chitenge maonekedwe a khosi la phazi popanda makwinya. Jombo ya Craftsman ya R. M. Williams imadziwika chifukwa chikopa chake chonse chapamwamba ndi chidutswa chimodzi chokhala ndi msoko kumbuyo kokha.

Kasokedwe ndi kuyesa

Malo amene lasitiki amakumana ndi chikopa ndi amene amawonongeka kawirikawiri. M'mphepete mwa chikopa amapalamo kuti muonde, ndipo lasitiki amalowetsedwa pakati pa chikopa chakunja ndi cham'kati kuti m'mphepete mwake musakhule khungu. Amasiya mbali yokwanira kuseri kwa msoko, chifukwa timitsitsi ta labala tikakhala tatifupi pamenepo timasolotoka n'kubwerera m'kati mwa nsalu, ndipo chigamba chimayamba makwinya. Singano yosokera chikopa ili ndi nsonga yodula ngati kampeni, ndipo ikhoza kudula timitsitsito. Pachifukwa chimenechi osoka amasankha singano ya nsonga yobulungira ndipo sasoka mothithikana kwambiri. Nthawi zambiri pamakhala mizere iwiri ya ulusi, ndipo pansi pa chigamba, pamene mphamvu yonse imathera, pamalimbitsidwa mwapadera.

Pokunga nsapato pa chikombole, lasitiki amamangidwa kaye ndi tepi yosatamuka imene imachotsedwa ntchito ikatha. Akapanda kutero, makina amakoka lasitiki m'malo mokoka chikopa, ndipo nsapato ikachoka pa chikombole imakhwinyata n'kukhala yaing'ono kuposa mmene inajambulidwira. Kutentha kumene mafakitale amagwiritsa ntchito poumitsa chikopa kungafooketsenso labala ngati ali wokokedwa.

Mafakitale amayesa lasitiki asanamugwiritse ntchito. Muyezo wa ISO 10765 umafotokoza kayezedwe ka mphamvu ndi katamukidwe kake, ndipo wa ISO 10768 umafotokoza kayezedwe ka kupirira kwake akamakokedwa mobwerezabwereza. Bungwe lofufuza za nsapato la SATRA, limene linayamba mu 1919 ndipo lili ku Kettering ku England, lili ndi njira zakenso zoyesera. Poyesa amaona zinthu monga timitsitsi toduka, makwinya, ndi kutalika kumene chigamba chimatsala nako chikamasulidwa.

Nsapato zolukidwa ndi zingwe zotamuka

M'nsapato zolukidwa, makina oyendetsedwa ndi kompyuta amaluka mbali yonse yapamwamba nthawi imodzi, ndipo amasintha kalukidwe ndi mtundu wa ulusi malo ndi malo. Kukamwa kumakhala kotamuka kwambiri, pakati pa phazi kumakhala kothina, ndipo kuzala kumakhala timabowo tolowetsa mpweya. Misoko imachepa, choncho malo okhula khungu amachepanso, ndiponso nsalu yotayika podula imakhala yochepa. Vuto lake ndi lakuti nsalu yotamuka mbali zonse siletsa phazi kutsetserekera m'mbali munthu akakhota mwadzidzidzi. Opanga amathetsa zimenezi poika timizere tosatamuka, zingwe kapena chikho cholimba kuchidendene.

Zingwe zotamuka ndi njira yosandutsira nsapato wamba kukhala yongolowetsa phazi. Zimalowetsedwa m'timabowo ngati zingwe zina zonse ndipo zimamangidwa kamodzi kapena kutsekedwa ndi kachipangizo kapulasitiki. Ochita mpikisano wa triathlon, umene umaphatikiza kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga, amazikonda chifukwa nthawi yosinthira nsapato imawerengedwa pa mpikisanowo.

Anthu amene zimawathandiza

Kwa anthu ambiri kusamanga zingwe ndi nkhani yopulumutsa nthawi chabe, koma kwa ena ndi nkhani yodziimira paokha. Munthu amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, wodwala nyamakazi ya m'zala, wa manja onjenjemera, wa dzanja limodzi, mayi woyembekezera amene akuvutika kuwerama, ndi mwana amene sanaphunzire kumanga mfundo, onsewa amatha kuvala nsapato ya lasitiki popanda kuitana wina. Mu 2012 Matthew Walzer, mnyamata wa ku United States amene anabadwa ndi vuto la ubongo lolepheretsa ziwalo kuyenda bwino, analembera kalata kampani ya Nike yofotokoza kuti sankatha kumanga yekha nsapato. Kalatayo inathandiza kuti mu 2015 patuluke nsapato za FlyEase. Mu 2021 kampaniyo inatulutsa Go FlyEase, imene imapindika pakati ndipo ili ndi lamba wotamuka wozungulira nsapato yonse, moti munthu amaivala ndi kuivula osagwira ndi manja.

Nsalu yotamuka imathandizanso anthu amene mapazi awo ali ndi fupa lotumphuka pa chala chachikulu, zala zopindika, kapena amene mapazi awo amatupa ndi kuphwa pa tsiku. Kumalo kumene anthu amavula nsapato kawirikawiri, lasitiki ndi wofala. M'masukulu a ku Japan ana amavala nsapato zam'kalasi zotchedwa uwabaki, zimene zambiri zili ndi lamba wotamuka pamwamba pa phazi. M'mafakitale osungunula zitsulo, jombo zopanda zingwe zimakondedwa chifukwa zilibe timabowo ndi lilime zoti chitsulo chamoto chingakodwemo, ndipo zimavulidwa mwachangu ngozi ikachitika.

Malire ndi zovuta

Mphamvu ya lasitiki inasankhidwa kale kufakitale, ndipo wovala sangaisinthe. Wa phazi lalitali pamwamba amaona kuthina, pamene wa phazi lopyapyala kapena chidendene choonda amaona nsapato ikuvuka, ngakhale onse atavala nambala yofanana. Nambala ya nsapato imanena makamaka za kutalika. Pa manambala a ku Britain nambala imodzi imasiyana ndi inzake ndi mamilimita pafupifupi 8.5, ndipo pa a ku Ulaya ndi mamilimita pafupifupi 6.7. Manambalawa sanena kanthu za kunenepa kwa phazi pakhosi pake, pamene nsapato ya lasitiki imadalira.

Lasitiki sagwira akakolo mwamphamvu ngati zingwe. Pamalo otsetsereka, a miyala, kapena munthu akasenza katundu wolemera, phazi limatha kusuntha m'kati. Jombo za lasitiki zikhoza kukwaniritsa muyezo wa nsapato zachitetezo wa ISO 20345, umene umafuna kuti chotetezera zala chipirire kumenyedwa ndi mphamvu ya majuli 200, komabe migodi ina ndi malo ena a zomangamanga amalamula antchito kuvala jombo za zingwe. Nsalu ya lasitiki imalowanso madzi ndi fumbi mosavuta kuposa chikopa.

Odwala matenda a shuga amene mapazi awo anachita dzanzi ali pangozi yapadera, chifukwa samva kupweteka nsapato ikathina, ndipo kabala kakang'ono kangasanduke chilonda chosapola. Malangizo a akatswiri a mapazi a odwala shuga amati m'kati mwa nsapato mukhale motalika kuposa phazi ndi sentimita 1 mpaka 2, ndipo nthawi zambiri amalimbikitsa nsapato zimene zingathe kuthinitsidwa ndi kukhwefulidwa, monga za zingwe kapena malamba omata. Anthu ena khungu lawo limadana ndi mankhwala olimbitsira labala, monga a gulu la thiuram ndi mercaptobenzothiazole, ndipo amatuluka zidzolo zoyabwa pamalo enieni pamene lasitiki amakhudza.

Kusankha, kusamala ndi kukonza

Nsapato ya lasitiki imayesedwa bwino madzulo, phazi litatupa kale, munthu ataimirira ndiponso atavala sokosi zimene azivalira nsapatoyo. Mapazi onse awiri ayenera kuyesedwa chifukwa anthu ambiri phazi lina limakhala lalikulupo. Polowa payenera kumveka kukana pang'ono, koma phazi likakhazikika lasitiki azioneka atabwerera pafupi ndi mmene analili. Ngati akhalabe wokokeka kwambiri, nsapatoyo ndi yothina ndipo lasitiki sakhalitsa. Ngati phazi lalowa popanda kukana kulikonse, nsapatoyo idzakhwepa chikopa chikafewa.

Lasitiki nthawi zambiri amatha msanga kuposa chikopa. Zizindikiro zake ndi makwinya ooneka ngati mafunde, timitsitsi toyera totuluka m'nsalu, kuthetheka akakokedwa, ndi kusabwerera akamasulidwa. Labala amakalamba ngakhale nsapato isakuvalidwa, choncho nsapato ya pa kaunjika ikhoza kukhala ndi chikopa ndi soli zabwino koma lasitiki wake atafa kale. Kukoka chigamba ndi zala n'kuona ngati chikubwerera msanga ndi njira yachidule yodziwira. Kuti lasitiki akhalitse, nsapato siyenera kuumitsidwa pamoto kapena kusiyidwa padzuwa lamphamvu, polishi ndi mafuta a chikopa zisapakidwe pa iye, ndipo matope achotsedwe ndi burashi yofewa ndi madzi a sopo pang'ono. Kuvula nsapato poponda chidendene chake ndi phazi linalo kumakoka msoko ndi kuphwanya chikho cha kumbuyo.

Chigamba chotha chikhoza kusinthidwa. Wosoka nsapato amasula msoko wakale, amadula lasitiki watsopano motengera kukula kwa mpata wa m'chikopa osati kwa chigamba chakale chimene chinatamuka kale, amaonetsetsa kuti timitsitsi tikuyenda mozungulira mwendo, kenako amasoka potsatira timabowo takale kuti chikopa chisabowoke kawiri. Zigamba za mbali zonse zimasinthidwa pamodzi kuti jombo isakokere mbali imodzi. Lasitiki wa zovala, monga wa m'chiuno mwa kabudula, ndi wofewa kwambiri pa ntchito imeneyi ndipo amakhwepa m'kanthawi kochepa, choncho pamafunika lasitiki wowombedwa amene anapangidwira nsapato.